Kalata ya impso za apongozi anga

Mpaka lero ndikafika ku Mkanda, apongozi anga aamuna amandiyankha moni akuyang'ana kumbali. Sindiwadandaula.

Chaka chatha anatupa miyendo, mkodzo nkumachita thovu. Kuchipatala chachikulu ku Lilongwe anawabaya singano kumsana nkutapa kanyama ka impso kuti akakapime. Zotsatira zinabwera mu envulopu Lachinayi, koma adokotala anati adzawaone Lolemba. Masiku anayi amenewo banja lonse silinakhazikike. Mkazi wanga anati popeza ine ndimadzaza mapepala a katundu wa malole paboda, Chingerezi sichingandivute (ndinavomera msangamsanga, ndipo apa ndi pomwe ndinalakwira).

Ndinakwera kabaza, ndinafika kwa apongoziwo, anandiyalira mphasa. Pepalalo linali ndi zilembo zachilendo, IgA, IgG, ndi timitanda titatu. Mawu okhawo amene ndinawadziwa anali akuti pozitivu. Kunena kuti sindikumva kunandichititsa manyazi, ndiye ndinatsokomola nkunena kuti nkhaniyi ikukhudza chitetezo cha m'thupi, ndipo apezeka nacho.

Apongozi aakazi anafunsa motsitsa mawu, “Apezeka nacho chiyani, bambo?”

Ine chete. Kukhala chete kumeneko ndi kumene kunamaliza zonse. Mayiwo anaganiza za kachilombo, nkukumbukira maulendo onse amene amuna awo ankapita kukagulitsa mtedza ku Chipata, ngakhale a zaka makumi awiri zapitazo. Pofika madzulo zovala za mkuluyo zinali pakhonde (mudziwo ndi wa akazi awo), ndipo anagona m'chigafa cha fodya masiku atatu, miyendo yotupa ili choncho.

Lolemba anandikakamiza kuti ndiwaperekeze. Adokotala anafotokoza kuti kanyama kaja amakapaka mankhwala owala, nkuona ngati asilikali a m'thupi aunjikana m'tisefa ta impso. Timitanda timangosonyeza kuchuluka kwa kuwalako, ndipo mtundu wa asilikaliwo ndi umene umawauza matenda ake ndi mankhwala oyenera. Apongozi aakazi atafunsa za kachilombo, adokotalawo anati anawayeza kale asanawabaye, alibe.

“Nanga anakuuzani zimenezo ndani?” anafunsa adokotala.

Onse anangotembenukira kwa ine, ine nkumawerenga kalendala ya pakhoma.

Mkuluyo anayamba mankhwala, kutupa kunachepa, ndipo ndinakapepesa ndi tambala. Ndinalumbira kuti za chipatala ndazisiya. Koma sabata yatha dalaivala wina paboda anandionetsa pepala lake la magazi. Ndinamuuza kuti ine si dokotala, kenako ndinati abweretse ndingoona pang'ono.