Masamba pa Msewu wa kwa Thombozi

Lolemba
Ndadzuka ndi mkwiyo wadzulo. Gawo latsopano la Linga la Moto, nthano ya zithunzi imene imatuluka pa intaneti Lamulungu lililonse, lathera pa chithunzi chimodzi: nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu, pafupi ndi nyumba ya Thombozi. Thombozi wanga. Mkulu wosula mikondo, wa diso limodzi, wokwera ngaka yaikulu ngati minibasi. M'nthano yonseyo wanzeru ndi yekhayo.

Pa gulupu yathu ya owerenga anthu ayamba kale kulira. A Nyirenda, adimini wathu, ogwira ntchito m'boma koma tsiku lonse ali pa foni, alemba kuti: "Masamba pamsewu ndi maliro. Pepani anamfedwa." Anamfedwa ake ati? Munthu akupuma bwinobwino, iwo agwira kale makasu.

Ntchito ya sabata ino: Thombozi asafe.

Lachiwiri
Magetsi kulibe kuno ku Ndirande, makina anga ometera ali zii, makasitomala akungosuzumira n'kudutsa. Ndiye ndili ndi nthawi yofufuza. Umboni wanga:
- Nthambi amaikanso galimoto ikawonongeka pamsewu. Aliyense amene anayendapo msewu wa ku Zalewa akudziwa.
- Pachithunzipo palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene wanyamula manja kumutu.
- Ngaka ikudya chiswe mosatekeseka. Mbuye wake atamwalira ingadye choncho?
- Ngati pafunika maliro, alipo Kalonga Sekani, amene ntchito yake ndi kupesa tsitsi ndi kuthawa nkhondo. Tsitsi lakenso lometa moipa.

Ndatumiza zonsezi pa gulupu. A Nyirenda ayankha ndi kachithunzi ka bokosi. Munthu wamkulu, wa ana a ku sekondale.

Lachitatu
A Nyirenda aitanitsa voti yoti afa ndani. Thombozi wapambana kutalitali. Anthu omwewa dzana ankati amamukonda, lero akumuvotera kuti apite kumanda, wina mpaka wasankha kale nyimbo zoimba pamaliro. Ndalemba mawu angapo okhudza nzeru za adimini ndi ntchito imene amagwira ku ofesi kwawoko. Andichotsa pa gulupu.

Zilibe kanthu. Amene ali ndi moyo wa Thombozi m'manja si a Nyirenda.

Lachinayi
Ndalunjika kwa wojambula mwiniwake. Palibe amene akumudziwa, amangosaina kuti Makala, koma makomenti amawerenga. Mutu umodzi susenza denga, ndiye aliyense wokhala pampando wanga lero akuyamba walemba "Thombozi asafe" pansi pa gawolo, kenako ndimalize kumumeta. Wina wakana, akuti sadziwa kuti Thombozi ndani. Wakhala ndi mutu wometa mbali imodzi mpaka wamudziwa.

Ndalembanso pa foni ya mayi a kunyumba. Iwo akuti: "Ine nditagona ndi malungo mwezi watha, simunalembe kanthu paliponse." Iwo kuchipatala anapita, Thombozi angapite kuti?

Lachisanu
Kasitomala wina walumbira kuti Makala amakhala ku Machinjiri, kuseri kwa chigayo. Ndatseka shopu, ndakwera minibasi, kondakitala wandikhazika pa thumba la mbatata. Chigayo ndachipeza. Wojambula ndamupezanso: mkulu wolemba zikwangwani za magolosale, sadziwa n'komwe kuti ngaka imakwereka. Kasitomala ameneyo adzabweranso, ndipo ndidzamumeta mmene ndikudziwira ine.

Pobwerera, nthambi pamsewu. Ndavula chipewa, ndazimitsa nyimbo pa foni, ndikuyenda mwaulemu wonse, maso pansi. Kutsogolo ndapeza lole ya njerwa, tayala lili pambali, dalaivala akukukuta chimanga chootcha. Maliro kulibe! Ndajambula, ndaika chithunzicho pansi pa gawo lija ndi mawu akuti "Adimini aphunzire."

Loweruka
Chithunzi changa chafalikira. Makomenti a "Thombozi asafe" angoti mbwee, ena ochokera kwa anthu amene sindinawametepo. Wina wa ku Bangwe walemba ndakatulo, yoipa koma ya mbali yathu. Pa gulupu andibwezeramo, osapepesa.

Ndikumeta uku ndikuimba. Sindinaiwale za bokosi lija, ndikungodikira mawa.

Lamulungu
Gawo latuluka tili m'tchalitchi. Ndazemba nthawi ya zolengeza, ndawerengera kuseri, pansi pa mtengo wa mango.

Nthambi zinali za ngolo yothyoka gudumu. Ndinalondola. Thombozi watuluka ndi nyundo yake kuti akonze, wagona pansi pa ngoloyo, mwala wotchingira waterereka. Basi. Munthu amene anapulumuka kwa chinjoka ndi ku nkhondo zonse zija, wafa ndi ngolo ya maungu.

M'munsi Makala walemba kuti: "Ndimati ndiphe Kalonga Sekani, koma ndaona kuti palibe akanalira. Sabata ino mwandionetsa amene mumamukondadi. Zikomo kwambiri ometa a ku Ndirande."

Ndakhala pansi pa mtengowo mpaka anthu atuluka. Chisoni ndili nacho chenicheni, mkwiyonso ulipo, koma woti ndimukalipire palibe. Mayi a kunyumba andiyang'ana kumaso, angonditengera Baibulo.

Pa gulupu ayamba kale kufunsana kuti wotsatira ndani. Ngaka yatsala yokha pakhomo paja. Ndimaikonda kwambiri ngaka ija, koma sindiuza munthu.