Ndinakwatira Hawa Kuti Ndipeze Makasitomala

Mukadzandiona pa ukwati kuno ku Balaka, kamera ili m'khosi, n'kumva amayi ena akunong'onezana kuti "si uja analandidwa mkazi uja ameneyu?", musadzavutike kuwatsutsa. Ine ndinasiya kalekale. Chibadwire sindinakwatirepo, koma ukwati wanga unatha, ndipo unathera pakhonde la amjomba anga ku Ntaja, ankhoswe akuona.

Zonse zinayamba ndi kamera. Ndinaigula kwa mkulu wina wochokera ku Joni, nditatopa ndi ntchito yodinda mapepala m'kashopu kena pafupi ndi siteshoni. Ndinkaona kuti Loweruka lililonse mahutala a maukwati sasiya kulira m'tauni muno, ndiye ndinati basi, umphawi tasiyana. Ndinatsegula tsamba pa intaneti, n'kulipatsa dzina lalitali lothera ndi mawu oti situdiyo (situdiyoyo inali chipinda changa chogona, mukachotsa neti ya udzudzu).

Amene analayika tsambalo anali mayi anga, ndipo ndinawalayikira ndekha pa foni yawo, komanso bambo wina wa kwa Kalembo amene ankangofunsa ngati ndimagula nandolo. Anthu ochepa ofuna za ukwati akandipeza, funso lawo linali limodzi: "Tatitumizireni zithunzi za maukwati amene munajambulapo." Nanga ndikanatumiza chiyani? M'kamera munali mbuzi ya aneba, sitima ya katundu, ndi ana a sukulu ya mkaka atavala magauni owafika m'mapazi.

Ndiye ndinaonera kanema wa mzungu wina wophunzitsa malonda a pa intaneti. Iye anati ngati ulibe kasitomala, veka anzako zovala za ukwati uwajambule. Anatinso munthu aliyense akalemba komenti, umuyankhe mwansangala, usasiye ndi mmodzi yemwe. Mzunguyo sananame, iyayi. Kungoti kwawoko kulibe amjomba.

Panthawiyo kwathu tinkakhala ndi Hawa, mwana wa amjomba, alongo awo a mayi anga. Anabwera ku Balaka kudzaphunzira zosoka. Ine ndi Hawa ndife asuweni, ndipo mukudziwa mmene chisuweni chimakhalira: kuyambira tili ana tinkaitanana kuti "mkazi wanga", "mwamuna wanga", akuluakulu n'kumaseka. Mukudziwanso kuti kwathu kuno asuweni akatengana zenizeni, palibe amagwira pakamwa. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ine ndinaiiwala.

Hawa anali pa chitomero ndi Yusufu, mnyamata wa ku Ntaja komweko amene ankagwira ntchito ku Joni. Yusufuyo anamutumizira foni ndi makina osokera, ndipo ndowa yawo, ukwati wachisilamu uja, inkangodikira kuti mwini wake abwere pa tchuthi. Hawa ankamukonda munthuyu moti foni ikalira ankasiya ndiwo zikupserera.

"Mkazi wanga, ndithandize," ndinatero tsiku lina.

"Ukayamba choncho ndiye kuti ukufuna sopo wanga kapena bandulo."

Ndinamufotokozera. Anapukusa mutu. "Iyayi. Yusufu akaona?"

"Nkhope siioneka. Ndikujambula chakumbuyo, velo itakuphimba. Anthu azingoona diresi."

"Lumbira."

Ndinalumbira. (Mukadzandimva ndikulumbira, muzithawa.)

Diresi tinabwereka kwa mayi amene ankamuphunzitsa zosoka. Linali la mkwatibwi wa thupi lake ndithu, moti Hawa atalivala munatsala malo a Hawa wina. Tinalikoka kumbuyo n'kulipana ndi mapegi oyanikira zovala, ofiira, obiriwira, achikasu, kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Apa m'pamene ndinazindikira vuto: ine ndinalumbira zojambula kumbuyo, ndipo kumbuyoko n'kumene kunali mapegi. Ndinangoti tiona konko.

Mkwati anayenera kukhala Che Bwanali wa kabaza, mwamuna wamtali wa mano oyera. Tsikulo litafika, Che Bwanali anapeza kasitomala wa matumba opita kwa Kalembo, n'kuzimitsa foni. Suti inali itabwerekedwa kale kwa aphunzitsi ena oyandikana nafe, diresi linkafunika kubwezedwa madzulo, dzuwa la ku Balaka linali litayamba kutiwotcha. Ndinaivala ndekha sutiyo. Aphunzitsiwo ndi aafupi, ine ndine wamtali komanso sindidana ndi chakudya. Thalauza linathera pamwamba pa akakolo, ndipo batani litakana, ndinamanga ndi mphira wa njinga.

Tinapita pansi pa mlambe wina kufupi ndi njanji. Ndinasanja njerwa, kamera pamwamba, n'kuitchera kuti izijambula yokha. Ndinkadina batani, n'kuliyatsa liwiro kukaima pambali pa Hawa. Nthawi zina ndinkafika, nthawi zambiri kamera inkandipeza ndili m'njira.

Tili mkati mwa zimenezi panatulukira amayi ochokera ku chigayo. Ataona diresi loyera sanafunse n'komwe. Anatula madengu, nthungululu n'kuyamba, wina n'kuyala chitenje pansi. Ine mumtima ndinati Mulungu wanditumizira alendo aulere. Ndinadina batani, ndinathamanga, ndipo pofika pa Hawa thalauza la aphunzitsi linati pweee kumbuyo. Hawa anaphulika kuseka, mphepo inakweza velo, ine ndinamuyang'ana ndi maso opempha chifundo, kamera n'kuti tcha!

Abale, chithunzi chimenecho! Hawa akuwala, nkhope yonse poyera, ine ndikumuyang'ana ngati munthu womira m'chikondi, kumbuyo amayi manja ali m'mwamba. Mapegi osaoneka, kung'ambika osaoneka. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinakumbukira lumbiro langa, koma ndinadziuza kuti tsamba langa amaliona ndi mayi anga ndi bambo wa nandolo basi. Ndinachiika, n'kulemba pansi pake kuti: "Chikondi chenicheni, zithunzi zenizeni. Wanunso tiujambule ife."

Kutacha foni yanga inkanjenjemera ngati yagwidwa malungo. Malayiki mbwee, anthu akusheya, makomenti akungogwa. "Mashaallah!" "Kodi si Hawa wa Che Saidi uyu?" "Asuweni atengana, zatheka!" "Zabwino zonse, banja lanu likhale la mtendere." Ine, wophunzira wabwino wa mzungu uja, ndinayankha aliyense: "Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni." Wina anafunsa kuti zachitika liti. Ndinati Loweruka lapitali. (Sindinaname, kujambulako kunachitikadi Loweruka.) Ndinkayenda m'nyumba chifuwa chili patsogolo, ndikudziona ndili ndi situdiyo ya magalasi.

Anayamba kundidzutsa ndi mayi. Anabwera kuchokera kumsika, basiketi n'kuiponya pakhomo.

"Iwe! Anthu akundigwira chanza pamsika ponse, ati ndapeza mpongozi. Wakwatira liti ine osadziwa? Ndipo wakwatira ndani?"

Ndisanayankhe analowa Hawa, foni ili m'manja. Sanandiyang'ane. Anangodina, tonse n'kumva mawu a Yusufu, otsika, osakalipa n'komwe: "Hawa, ndaona. Anzanga onse kuno aona. Makina aja abale anga akatenga. Ukhale bwino ndi msuweni wakoyo." Atatero anamutsekera, foni osalowanso.

Hawa anakhala pansi n'kuyamba kulira, kulira kopanda phokoso kuja. Kenako anandiyang'ana n'kunena mawu amodzi okha: "Unalumbira." Kunena zoona, bola akanandimenya ndi mpando. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo, ndiponso mantha, chifukwa ndinaona kuti ndamuphera mwana wa eni banja lake pofuna malayiki. Ndinachotsa chithunzicho msangamsanga, koma madzi akatayika sawoleka. Chinali chitafika kale m'magulu onse a pa foni, kuyambira ku Ntaja mpaka ku Joni.

Amjomba sanachedwe kutiitana. Ulendo wonse mu minibasi Hawa anayang'ana pawindo, mayi akundiyang'ana ine. Titafika tinapeza pakhonde padzaza. Panali amjomba, Che Saidi, nkhope ili gwa. Panali Che Amini, nkhoswe ya Yusufu, ndi azibambo ena a kwawo. Pabwalo panaima njinga, makina osokera aja, amene ankasungidwa kwa amjombako, atamangidwa kale pakaliyala. Patebulo anatsamiritsa foni pa ketulo, ndipo m'fonimo munali Yusufu mwini wake, akutiona ali ku Joni.

"Tafotokoza," anatero amjomba.

"Amjomba, zija n'zongotsatsa malonda."

"Malonda ake ndi mwana wangayu?"

Ndinayamba kufotokoza za mzungu, za tsamba, za makasitomala. Che Amini anandidula mwaulemu, ndipo ulemu wawo unkapweteka kuposa ndodo.

"Ife sukulu sitinapite nayo patali, koma kuwerenga timatha. Awa analemba okha kuti chikondi chenicheni. Anthu anawafunira mafuno abwino, iwo anathokoza. Kodi munthu amathokoza ukwati woti kulibe?"

"Ndinkangoyankha makomenti, bambo."

"Nanga amayi a nthungululu aja?"

"Ankachokera ku chigayo."

"Mumadziwana nawo?"

"Iyayi."

"Ndiye anthu osakudziwani anatula ufa wawo n'kuyamba kukuvinirani?"

"Eya."

Azibambo onse anati "Mmm" nthawi imodzi. Wina anawonjezera kuti ana awa ankaitanana mkazi wanga, mwamuna wanga kuyambira ali osavala, ndiye palibe chachilendo. Amjomba anaweramitsa mutu. Mnyamata amene anabwera ndi njinga ija anayamba kukoka mphira kuti aone ngati makina amangika bwino. Ine thukuta kamukamu.

Ndi Hawa amene analankhula, ali pakhomo. Sanalankhule ndi ine, analankhula ndi bambo ake.

"Baba, muuzeni aonetse zinazo. Zonse zimene sanaike."

Zinazo ndinkafuna kuzifufuta, ndipo ndinali nditadzilonjeza kuti munthu sadzaziona ndili moyo. Koma ndinayang'ana makina ali panjinga paja, n'kutulutsa kamera m'chikwama.

Inayamba kuyenda m'manja. Choyamba, ine ndikuthamanga, ndangooneka msana ndi chidendene. Chachiwiri, ndapunthwa pa njerwa, miyendo ili m'mwamba, mkwatibwi akuyang'ana kumbali ngati sakundidziwa. Chachitatu, msana wa Hawa, mapegi ali ndandanda ngati pa chingwe cha aneba. Che Amini anavala magalasi, n'kuyandikitsa kamera kumaso.

"Awa ndi mapegi?"

"Eya, bambo."

"Nanga ichi?"

Chimenecho chinali chimene kamera inajambula nditatembenuka kukaona ngati mapegi ali bwino. Thalauza la aphunzitsi lili yasaa, mphira wa njinga ukulendewera, kabudula wamkati wa maluwa ofiira akupereka moni kwa anthu onse. Mapewa a Che Amini anayamba kugwedezeka. Anayesa kutsokomola kuti abise, zinakanika. Amjomba analanda kamera, n'kuilozetsa pa foni kuti Yusufu aone.

Yusufu anangoti duu, nkhope osasintha, maso osaphethira. Tonse tinagwira mpweya. Hawa anagwira chitseko. Ndinati basi, zakanika. Kenako mnyamata wa njinga anasuzumira n'kunena kuti ndi netiweki yaduka.

Itabwerera, tinamupeza Yusufu atagwira pamimba, misozi ili mbwe, anzake a ku Joni ataunjikana kumbuyo kwake.

"Hawa," anatero atapeza mpweya, "ndikhululukire. Ndinaganiza bwanji kuti ungandisiye ine chifukwa cha munthu wa kabudula ameneyu? Che Amini, makinawo atsitseni."

Hawa analira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo ine, ngakhale ndinali nditanyozeka mpaka ku Joni, mtima unakhala pansi.

Chigamulo chinali chachidule. Zithunzi zonsezo, makamaka cha kabudula, ndiziike pa tsamba lomwe lija ndi kufotokoza m'Chichewa chomveka. Ndowa ikafika, ndijambule ulere. Pomaliza Che Amini anaimirira, nkhope ataikonzanso, n'kulengeza kuti anthu akunja kwa mpanda amve: "Ndipo ukwati wa awiriwa tauthetsa lero."

Ndinaziika. Zinayenda kuposa choyamba chija. Chodabwitsa n'chakuti foni inayamba kulira ndi makasitomala enieni, ndipo aliyense ankayamba ndi funso lakuti, "Ndinu a mapegi aja?" Aphunzitsi okha ndi amene sanaseke.

Koma Hawa sanandilankhulebe. Miyezi yonse yodikira Yusufu ankandidutsa m'nyumba ngati mpando, ndipo zinkandiwawa kuposa kusekedwa ndi tauni yonse. Pa tsiku la ndowa ankamwetulira aliyense, koma ndikangokweza kamera nkhope ankaimanga. Ndinajambula, ndinajambula, zonse mkwatibwi ali ngati akudikira jakisoni. Chakumadzulo ndinatsitsa kamera n'kunena motsitsa mawu kuti, "Hawa, pepa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku thalauza, limene ulendo uno linali langalanga.

"Jambula bwino, wakale wanga," anatero, n'kuphulika kuseka.

Chimenecho ndiye chithunzi chabwino kuposa zonse zimene ndinajambulapo. Ndisanachiike ndinapempha chilolezo kwa Hawa, kwa Yusufu, kwa amjomba ndi kwa Che Amini. Woyamba kulemba komenti anali bambo wa nandolo uja: "Mkwati ameneyu ndiye weniweni, kapena nayenso ngobwereka?"

Mwina mukuti ndinaphunzirapo. Inenso ndinkatero. Koma posachedwapa wina anandilembera kufunsa ngati ndimajambulanso pa maliro, ndipo anati nditumize zitsanzo. Tsikulo amjomba anali atabwera kudzationa, atagona chagada pa mkeka pansi pa mtengo wa mango, manja ali pachifuwa, kuwala kukuwagwera bwinobwino. Ndinangowayang'ana pang'ono chabe. Mayi anaona maso anga, ananyamuka, n'kukatsekera kamera m'chipinda mwawo.