Munthu wa ku Mwezi pa maliro a ku Area 12

Anzanga, sekani, koma ine mpaka lero mtima umandiwawa. Chiyambi cha zonse ndi magazini akalekale amene ndinagula kwa mkulu wina woyala mabuku pansi ku Old Town, pafupi ndi mlatho. Mapepala ofiira ngati fodya, fungo la nkhungu, pachikuto pali amuna ovala zipewa zagalasi akuthamangitsidwa ndi zilombo zobiriwira. Nkhani zake zopusa koma zoseketsa, za anthu ouluka m'mlengalenga n'kukatera pa dziko lolakwika.

Mwana wanga Tadala amakhala ndi mayi ake ku Area 12 chithere banja lathu, kwa bambo womupeza, a Gondwe, munthu wa galimoto ziwiri. Ine ndingampatse chiyani mwanayo chimene a Gondwe sangampatse? Ndiye ndikapita kukamuona ndinkamusimbira nkhani za m'magazinimo, iye kuseka mpaka misozi. Tsiku lina anandifunsa, "Adadi, anthu a ku Mwezi alipodi?" Ine pakamwa pangapa ndinangoti, "Alipo, ndipo pa phwando la tsiku lako lobadwa ndidzakutumizira mmodzi."

Ndinabwereka ovolosi yoyera kwa mnzanga wopenta nyumba, ndi chipewa cha msuweni wanga wa kabaza wa njinga yamoto. Chipewacho ndinachipaka penti wa siliva ponseponse, mpaka pagalasi ndi pa loko wa lamba, n'kungosiya kampata koonera. Pamwamba ndinamata nthiti ziwiri za ambulera. Tsiku la phwandolo, nditatsika minibasi ku Area 12, ndinavalira kuseri kwa mpanda wa maluwa, foni n'kuitsekera m'thumba la mkati. Inkanjenjemera, koma ndinati uthengawo ndiwerenga bwino lake.

Eee, m'chipewa muja munali mdima! Kutentha, galasi lachita nthunzi, makutu osamva. Masamba a mitengo amene anayala pamsewu kusonyeza kuti pali maliro ndinangowaponda osawaona, ine munthu wobadwira ku Mitundu amene ndikudziwa kuti pamasamba munthu umavula chipewa. Ndinangoona tenti, mipando, magalimoto mbwee, nyimbo ikumveka chapatali, ndiye ndinati a Gondwe awa ndi matama basi, phwando la mwana mpaka tenti? Sindinaone n'komwe kuti getilo linali la nyumba yoyandikana ndi ya a Gondwe.

Ndinalowa molumpha pang'onopang'ono, manja tambasu, n'kukuwa kuti, "Moni anthu a dziko lapansi! Ndabwera mwamtendere!"

Nyimbo inaduka. Nditapukuta kampata kaja kunja, palibe chinasintha, nthunzi inali mkati. Nditapendeketsa mutu ndinaona amayi a tchalitchi atakhala pamphasa, kenako nkhata za maluwa, kenako bokosi. Mayo ine!

Bambo wina wachikulire anandigwira mkono. "Achimwene, pano pali zovuta. Tavulani chipewacho."

Ndinayesa. Loko uja anali atauma ndi penti, osatheka kumasuka. Ndinakoka, ndinapotoza, nthiti ya ambulera n'kukola duku la mayi wina. Ndinagwada kuti ndipepese, koma mawu anga m'chipewamo ankangomveka ngati ng'ombe ili m'chitsime. Mayi a Tadala anali pomwepo pamphasa. Anazindikira nsapato zanga, n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Amene anandikokera kuseri kwa nyumba n'kudula lamba ndi mpeni wodulira kabichi wa pamaliro mukuganiza kuti anali ndani? A Gondwe! Ataona nkhope yanga anangopumira m'mwamba. "Abambo a Tadala, uthenga simunauone? Agogo a Phiri oyandikana nafe atisiya. Tingachite phwando anzathu akulira?" Ananditulutsira geti lakumbuyo, ndipo ndinayenda wapansi mpaka ku City Centre ndi ovolosi yomweyo, ndikulira ndekha.

Sabata yonse sindinaimbe foni. Ndinkadziwa kuti chinthu chimodzi chimene ndinali nacho kwa mwana wanga ndachiwononga, tsopano azindiona ngati chitsiru. Amene anaimba ndi Tadalayo, pa foni ya mayi ake, mawu ali pansipansi.

"Adadi, munthu wa ku Mwezi uja anabwera. Ndinamuonera pa mpanda. Koma anabwera kudzatenga agogo a Phiri."

Ndiye kuti mwanayo sanaone nkhope yanga tsiku lija!

"Musadzamuitanenso, adadi," anatero akusisima. "Angadzatenge inuyo."

Ndinamulonjeza, ndipo lonjezo limeneli ndisunga mpaka kufa. Magazini aja ndinapatsa mayi wogulitsa mtedza pa depoti kuti azikulungira. Koma msuweni wanga uja ndiye sakundiyankhula, akuti makasitomala akukana kuvala chipewa cha nyanga.