Tebulo la siya-tenga

Nkhani iyi amuna anga anandiletsa kuikamba, koma poti theka la Mzuzu likuidziwa kale, bola muimve kwa mwini manyazi.

Tinasamukira kuno kuchokera ku Dedza amuna anga atatumizidwa pa ntchito ya boma. Ine ndimagulitsa inshuwalansi, ndipo ndinachita lendi desiki m'nyumba ina m'tauni momwe timagwiriramo ntchito anthu a mabizinesi osiyanasiyana, tonse ketulo imodzi. Ntchito yangayi imadalira nkhope. Munthu akakukayikira pang'ono sakupatsa ngakhale nambala ya foni. Choncho ndinkafunitsitsa kuti anzanga atsopanowa andione kuti ndine mayi wokhulupirika.

Woyang'anira nyumbayo, NyaGondwe, atayambitsa zosamala chilengedwe, ndinazilandira ndi manja awiri. Majumbo ayi, mabotolo apulasitiki ayi, pepala kuligwiritsa ntchito mbali zonse, potuluka kuzimitsa magetsi, masiku amene alipo. Ine ndinadzipatsa upolisi. Munthu akalowa ndi chipisi m'jumbo ndinkamuyang'ana mpaka chipisicho chizizire. Ndinenso ndinaima pamsonkhano n'kunena kuti mapepala onyezimira okutira mphatso ndi tchimo, ndipo anthu anawomba m'manja.

M'kanjira ka pakati pa maofesi munali tebulo la siya-tenga. Chimene watopa nacho umasiya, chimene wachikonda umatenga, osafunsa munthu. Kawirikawiri pankakhala zinthu zomvetsa chisoni: ambulera yothyoka, chaja chosagwira, kalendala ya chaka chatha.

Ndiye ndinapita ku maliro kwathu, kumudzi komwe netiweki umaipeza utakwera pachulu. Zonse za pagulu la WhatsApp la ku ofesi zinandipita. Lolemba ndinalawirira, kunja kuli chifunga, ndipo ndinafika anthu asanabwere. Nditayang'ana patebulo paja ndinaphethira kawiri. Food warmer yatsopano, fulasiki, makapu, ndi chitenje cha wakisi chosadula, chobiriwira ndi maluwa achikasu.

"Anthu akumpoto ndi olemera," ndinadziuza. "Kutaya izi?"

Ndinatenga food warmer ndi chitenje. Fulasiki ndinaisiya kuti ndisaoneke waumbombo. Poti mwambo umati usiyepo kanthu, ndinatulutsa m'chikwama nsapato zakale za amuna anga, zoyasama kutsogolo ngati mlamba, zimene ndinabwera nazo kuti ndizisiye pomwepo, n'kuziika pakati penipeni. Kenako ndinakwera njinga ya kabaza, imene kuno amati sakaramento, ulendo kwa telala wanga ku Zolozolo.

Lachitatu a Mhango, ojambula mapulani a nyumba, anabwera padesiki panga nkhope itagwa.

"Amama, mwamva? Muno muli wakuba. Mphatso za Tiwonge zasowa."

Tiwonge ndi mtsikana wokonza makompyuta, ndipo bridal shower yake inali Loweruka ku Nkhorongo. Munthu wanzeru akanafunsa kuti zasowa zotani, zinali pati. Ine ndili ndi matenda olankhula ndisanamve. Ndiponso m'mutu mwanga mphatso ndi chinthu cha m'bokosi chomanga ndi riboni. Tebulo lija nthawi imeneyi linali mbee, ndipo ndinangoganiza kuti anzanga anasesa zotsala.

"Kubera mkwatibwi?" ndinatero mokweza kuti ofesi yonse imve. "Munthu ameneyo alibe Mulungu. Akapezeka aimitsidwe pagulu, aliyense amuone nkhope."

"Nadi, amama," anatero a Mhango. "Tonse tikanakhala ngati imwe, bwenzi Mzuzu ili patali."

Ndinamva kukoma mpaka kumsana. Madzulo ake ndinaganiza za mphatso yanga. Kugulanso china chifukwa chiyani, food warmer ili phee m'kabati? Ndinadziyamikira kuti ndasamala chilengedwe ndi chikwama nthawi imodzi.

Loweruka masana ndinafika ku Nkhorongo nditatchena. Telala anali atagwira ntchito: diresi lalitali, manja otukuka, duku lofanana. Ndinachedwa pang'ono, ndiye ndinakhala kumbuyo. Azimayi a ku ofesi ankanditembenukira n'kumanong'onezana. Ndinati eya, diresi lalankhula.

Mayi woyendetsa mwambo ataitana anzake a Tiwonge a kuntchito, ndinanyamuka woyamba. Food warmer pamutu, chiuno chikugwira ntchito, ndinavina kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Nthungululu zinayamba bwino, kenako zinazilala pang'onopang'ono. Nyimbo yokha ndi imene inapitirira.

NyaGondwe anatenga maikolofoni.

"Mayi Banda, diresi lakukhalani chomene."

"Yewo," ndinayankha, kuonetsa kuti Chitumbuka ndayamba kuchigwira.

"Chitenjechi mwagula nkhu?"

Apa ndiye ndinaona mwayi wophunzitsa khamu lonse. Ndinawalanda maikolofoni.

"Sindinagule ayi, azimayi anzanga. Ndinatola patebulo la siya-tenga ku ofesi kwathu. Ngakhale food warmer iyi ndi ya pomwepo. Ena amataya, ife timatola. Reuse!"

Munthu wina kumbuyo anakhosomola. Tiwonge anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, ndipo ndinaganiza kuti mwana wakhudzidwa ndi uthenga.

"Amama," anatero NyaGondwe mofatsa, "siya-tenga tinaisamutsira kuseri, pafupi ndi thanki, sabata imene munali ku maliro. Patebulo paja timasonkhanitsa mphatso za Tiwonge. Chitenjecho ndinagula ndine."

"Koma sizinali zokutira," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwanapiye.

"Enya. Munaletsa ndimwe."

Ndinafuna nthaka ing'ambike, koma pansi panali simenti. Ndinaima pamenepo pagulu, food warmer idakali pamutu, chifukwa manja anali ataiwala ntchito yake. Kenako azakhali ake a Tiwonge anaimirira, mayi wamkulu thupi, wovala magalasi.

"Ndiye nsapato zija munaika ndimwe?"

"Ndi za amuna anga. Zikadasokedwa zikanathandiza munthu."

"Mwe! Ise tinaona nsapato za mwanalume wosadziwika pakati pa mphatso za mkwatibwi, tinati wina akufuna kuti banja liyende, lisakhazikike. Tinaitana abusa. Tasala kudya. Nsapatozo tinazithira palafini n'kuziotcha."

Ndikanakhala chete zikanathera pomwepo. Koma pakamwa panga panatseguka pokha.

"Kuotcha labala kumawononga mpweya."

Chiseko chimene chinaphulika pamenepo ndikukhulupirira chinamveka mpaka ku Salisbury Lines. Azimayi anagwa m'mipando, ena akupukuta misozi ndi zitenje. Ine misozi yanga inali yeniyeni. Ndinatsitsa food warmer, ndinagwada pamaso pa Tiwonge n'kupepesa. Iye anandidzutsa akusekabe, nati diresi ndisunge, poti iye angalowemo ndi mwamuna wake yemwe. Chitenje china ndinakagula mawa lake tikutuluka kutchalitchi, amuna anga akundiperekeza.

Lolemba ndinalowa mu ofesi mozemba, ndili ndi maganizo olongedza. Ndani angagule inshuwalansi kwa mayi wovina ndi katundu wakuba pamutu? Ndisanatsegule ndi chikwama chomwe, a Mhango anakoka mpando n'kukhala patsogolo panga.

"Amama, ndikufuna inshuwalansi."

Mtima wanga unakhala pansi. Kani anthu akuno ndi okhululuka chonchi! Ndinatulutsa cholembera.

"Zikomo kwambiri, adada. Ya galimoto, kapena ya moyo?"

"Yayi, ya katundu wa padesiki panga," anatero osaseka n'komwe. "Mawa ndikupita ku tchuthi, ndipo imwe mumalawirira."

Chotayidwa chikakhala chatsopano, yamba wafunsa anataya ndani.