A Mphuno ndi Wotchi ya Telala

A Mphuno, okonza njinga pagalaja yawo, sankavomereza kuti njinga yamoto imawonongeka. Kwa iwo njinga inkangodwala chimfine basi. Ukabwera nayo itaphulika tayala, ankaizungulira kawiri, n'kugwada, n'kuika khutu pa injini, kenako n'kupukusa mutu ngati dokotala amene waona zosaneneka. Ankati ikubanika. Usanayankhe n'komwe, amakhala atamasula kale kabokosi kakuda ka pansi pa mpando, momwe mumakhala fyuluta yosefa mpweya wopita mu injini. Kabokosi kameneko ankakatcha mphuno ya njinga, ndipo dzina lawo linachokera pomwepo. Ankalumbira kuti a kufakitale anaitseka dala mphunoyo, kuopa kuti amphawi angamapitirire mabwana pamsewu.

Mzamba wina anabwera kuti amumangire galasi loonera kumbuyo. Anachoka pagalajapo njinga ikubangula ngati chigayo, itavekedwa kafyuluta kofiira konga kapu. Akuti atangolowa pachipata cha chipatala, amayi awiri oyembekezera anachira pomwepo asanafike n'komwe pabedi.

Koma amene anaona zakuda zenizeni anali telala, yemwe shopu yake inagundana khoma ndi galajalo. Anali munthu woonda, wofatsa, woopa agalu, mphezi ndi masitepe onyowa. Singano ikamubaya ankasiya kaye kusoka kuti mtima ubwerere m'malo. Tsoka lake linali loti anali ndi wotchi yapamkono yokhala ndi kamuvi kowerenga masekondi.

Lolemba lina a Mphuno analowa m'shopumo atanyamula zipewa ziwiri za njinga, china chong'aluka pamwamba. Anati anthu akuwanyoza kuti mafyuluta awo amangowonjezera phokoso, ndiye akufuna mboni yosanama, yoti msewu wonse uikhulupirire. Ntchito yake inali yochepa: kukhala kumbuyo, kuyang'ana wotchi, kuchokera pathanki ya madzi pamwamba pa chitunda mpaka kutsikira pamlatho. Telala anatchula diresi la ukwati losatha, anatchula m'mimba, anatchulanso maloto oipa. Koma kukana munthu pamaso kunalinso m'gulu la zinthu zimene ankaopa, choncho anavala chipewa chong'alukacho.

Anatsinzina pathanki, n'kudzatsegula maso pamlatho. Njira yonse anakakamira ovolosi ya a Mphuno uku akutchula mayina a ana ake, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, n'kubwereranso. Anatsika kawiri, koyamba ndi kabokosi ka kufakitale, kachiwiri ndi kapu yofiira ija. A Mphuno atafunsa kuti wotchi yanena chiyani, telala anazindikira kuti sanaione n'kamodzi komwe. Anaganiza kuti akawasangalatsa amusiya apite kwawo.

"Ulendo wachiwiriwu wadula masekondi atatu," anatero.

Bodza limeneli ndi limene linamumanga unyolo. Kuyambira pamenepo mphuno iliyonse yatsopano inkafuna mboni. Anayesa siponji yosambira, anayesa sefa ya tiyi, anayesa sokosi ya akazi awo a Mphuno, amene anafika pagalajapo akutukwana atavala imodzi yokha. Telala akangomva kugogoda kwa sipanala pakhoma, chimene chinali chizindikiro chomuitanira, ankasiya nsalu n'kukavala chipewa chong'aluka chija.

M'kupita kwa miyezi anaphunzira kutsegula diso limodzi, ndipo zimene anaona zinamuopsa kuposa liwiro. Ndi kabokosi ka kufakitale njinga inkatenga mphindi ziwiri ndi masekondi khumi. Ndi kapu yofiira inkatenga chimodzimodzi, nthawi zina n'kuchedwerapo, ikutsokomola pokhota. Chinkakula ndi mkokomo wokha, umene unkakupusitsa kuti ukuuluka. Anawanong'oneza akazi ake, iwo n'kumuuza kuti akangonena zoona. Koma akanayambira pati? A Mphuno anali atalengeza kale msewu wonse kuti telala, munthu wosadziwa kunama, waikira umboni. Anyamata onyamula anthu panjinga ankachita kupanga mzere kuti awachotsere mabokosi. Awiri mwa iwo njinga zawo zinayamba kufuka utsi wobiriwira, fumbi litadya m'kati mwa injini, ndipo utsiwo ukadutsa pakhomo pa shopu, telala ankaweramira pamakina ake ngati wakuba. Akanati njinga yachedwa, a Mphuno akanafuna kubwereza ulendo. Akanena kuti yafulumira, ankaboola chibowo chokulirapo. Uku moto, uku madzi otentha.

Ndiye linafika tsiku lina m'chilimwe, fumbi lili kobo, pamene a Mphuno anaganiza zoyesa popanda fyuluta iliyonse. Telala atadandaula, anamufunsa ngati anaonapo mwana wobadwa atavala sefa kumphuno.

Atangochoka pathanki analowa m'fumbi la lole yamchenga imene inali patsogolo. Telala anadziwa kuti zinthu zavuta chifukwa a Mphuno, amene ankaimba nyimbo ulendo uliwonse, anangoti zii. Msana wawo unauma ngati thabwa.

"Aneba, gwirani zolimba," anatero mosatembenuka. "Yakana kumvera."

Mchenga unali utalowa m'kabuleta, mosakanizira mafuta ndi mpweya, n'kukakamiza moto kuti usatsike. Makiyi njingayo inalibe, inkalizidwa ndi mawaya opotana amene anali penapake pansi pa thanki ya mafuta. Mabuleki anayamba kununkha chopsereza. Kutsogolo lole ija inali ikulowa pamlatho, ndipo mlathowo unali wokwana galimoto imodzi yokha. Telala anafuna kutsinzina koma ulendo uno maso anakana. Anaona nambala ya loleyo ikukula, anaona unyolo wolendewera kumbuyo kwake, anaona ndi dzimbiri lomwe la pachitseko. Mayina a ana ake anamuthawa onse.

A Mphuno anawerama n'kuzula waya wa pulagi, wopereka moto ku injini, ndi dzanja lopanda kanthu. Magetsi anawagwedeza mpaka telala anawamva m'mano mwake. Injini inazima, njinga n'kupatuka pamsewu, n'kudutsa m'mabango, n'kuwakhuthula onse awiri m'matope a m'mbali mwa mtsinje.

Telala anagona chagada akugwedeza zala za kumapazi chimodzichimodzi kuti aone ngati zikadali zake. Kenako pambali pake panadzuka chimutu chamatope.

"Wotchi yati bwanji?"

Mwina mantha akafika pamapeto amasanduka chinthu china. Telala anakhala tsonga n'kunena zonse. Anati tsiku loyamba lija sanaone wotchi, ndipo masiku ena onse amene ankaiona inkanena zofanana, kaya ndi kapu, kaya ndi sokosi.

"Njinga yanu sithamanga, a Mphuno. Imangolongolola."

Awiriwo anakankha njingayo kukwera chitunda chonse. Sabata yathunthu khoma silinagogodedwe. Telala ankasoka atakhoma chitseko, akuyembekezera kuti tsiku lililonse munthu alowa ndi sipanala yaikulu ija. Chimene ankamva ndi kugubuduza kwa zinthu kuseri kwa galaja, kumene kunali mulu wa mabokosi akuda ochotsedwa panjinga za anthu. A Mphuno anali akuitana makasitomala awo mmodzimmodzi n'kuwabwezeretsera mabokosiwo, akuwauza kuti sayansi yatsopano yapeza kuti njinga iyenera kupuma mwaulemu. Dzina la telala sanalitchule kwa aliyense. Koma njinga yawo anaivekanso kapu yofiira, amvekere amaikonda ikamayankhula.

Chaka chotsatira a Mphuno anagwa akunyamula injini, mbali imodzi ya thupi n'kuferatu. Telala ankaopa zipatala, fungo lake ndi mabedi amatayala, komabe anapita. Anawapeza atachepa pabedipo, manja ali oyera kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni. Anacheza za mvula ndi za anthu a mumsewu. Pomaliza a Mphuno anamukodola kuti asendere pafupi, poti pakamwa panali patapotoka.

"Mukaima pathanki paja, mlatho umaoneka bwinobwino. Mukanatha kumawerenga muli chiimire pansi."

Telala anayang'ana kukhoma, akuona chitunda chija m'maganizo. Zinalidi zoona.

"Nanga munkandinyamuliranji?"

"Ndinkaopa, aneba. Chitunda chija ndekha sindikanatsika. Koma inu mukamanjenjemera kumbuyoko, ine ndinkadziona ngati mwamuna."

Telala anafuna kukwiya koma sanapeze poyambira. Anangowakonzera bulangete kumapazi. Lachinayi lake a Mphuno anatisiya.

Lero m'galaja muja mukugulitsidwa zikuto za mafoni, ndipo khoma analipaka penti yoyera. Njinga zimadutsa mumsewu mwakachetechete, zonse zili ndi mabokosi ake, moti kawiri konse telala watsala pang'ono kugundidwa powoloka, chifukwa masiku ano zimabwera ngati njoka. Agalu amagona pakati pa msewu masana. Anthu amati mtendere wabwera, ndipo telala amavomera ndi mutu. Koma pali nthawi ina ya masana, dzuwa likalunjika pakhomo, pamene amamaliza msoko n'kuchotsa phazi pamakina. Kuseri kwa khoma sikumveka kanthu, ngakhale nati kugwa pansi. Amakhala pamenepo kamphindi, kenako amayambanso kuponda makinawo msangamsanga, ngakhale pansi pa singano palibe nsalu.