Ndani Anagwira Tebulo la Mkamwini?

M'chigawo china cha dziko lino, kuseri kwa phiri limene ojambula mapu sanalione kufunika kwake, kunali mudzi wina umene unadalitsidwa ndi makomiti ambiri kuposa mijigo. Mjigo unalipo koma unali wakufa. Makomiti oona za mjigowo ndiye anali amoyo ndithu, ndipo ankakumana mosajomba.

Pamwamba pa onsewo panali Komiti Yaikulu Yoona za Chitukuko, Ulemu wa Mudzi ndi Zina Zogwa Mwadzidzidzi. Wapampando wake Wamkulu anali a Jelasi Katsabola, bambo wa pakamwa pokoma, amene chibadwire sanaonekepo atanyamula chinthu cholemera kuposa ndodo yolozera. Wachiwiri wawo, amenenso anali Mkulu Woona za Mwambo, anali mlongo wawo, mayi Esinati. Ndipo pansi penipeni, kumene maudindo onse amathera, kunali Lufeyo Chimbalanga, mkamwini.

Lufeyo anakwatira Nankhoma, mwana wa mayi Esinati. Choncho Wachiwiri kwa Wapampando anali apongozi ake, Wapampandoyo ali atsibweni a mkazi wake. Tsoka limagwera aliyense, koma ili linali losankhidwa bwino. Mnyamatayu anali kalipentala wophunzira ntchito yake ku tauni, koma kwa mayi Esinati mwamuna wogwira ntchito ndi amene amachokera kumunda thukuta lili kamukamu. Wokhala pamthunzi n'kumasisita thabwa tsiku lonse ndi mlesi wodziwa kunamizira. Dandaulo linali litafika kale kwa ankhoswe, ndipo mawu akuti "alongedze" anali atayamba kumveka kuseri kwa nkhokwe.

Kulongedza kunali kosavuta, pakuti katundu wake yense akadakwana m'thumba limodzi la feteleza. Chovuta chinali Nankhoma. Lufeyo ankamukonda mkazi wakeyo, tinene mosabisa, ndipo sankafuna kuti tsiku lina adzadzuke kwawo osamva kuseka kwake pakhonde.

Ndiye kunabwera uthenga wakuti kukubwera Mlendo Wolemekezeka wochokera kuboma, kudzaona chitukuko ndi maso ake. Komiti inakumana mwachangu. Wapampando atamenya tebulo kuti anthu akhale chete, dzanja linapitirira mpaka pansi. Chiswe chinali chitamaliza kalekale ntchito yake mkati mwa tebulolo, koma palibe anadziwa, chifukwa m'mudzi umenewo palibe ankavundukula nsalu ya patebulo.

Anaitana Lufeyo, ndipo anafika n'kunjuta chapatali ndithu, monga mwa ulemu.

"Akamwini," anatero a Katsabola akupukuta fumbi la chiswe, "mudzi uli pa mayeso, inunso muli pa mayeso. Mutipangire tebulo lakuti mlendo akaikapo botolo lake la madzi adziwe kuti wafika kwa anthu. Likatichititsa manyazi, basi yopita kwanu ija sinasiye kudutsa pamsewu."

"Ndamva, atsibweni," anayankha Lufeyo akuomba m'manja.

Kuseri kwa nyumba yake anali atasunga thabwa lochindikala la mlombwa umene unagwa ndi mphepo kudambo. Thabwalo linali ndi mng'alu waukulu pakati, m'mbali mwake muli mokhotakhota. Wina aliyense akadaliwaza nkhuni. Koma Lufeyo analinso ndi zigubu ziwiri zimene anabwera nazo kuchokera ku tauni, china cha utomoni wa epokisi, china cha mankhwala ake oumitsira. Ukaziphatikiza zimayenda ngati uchi, ndipo zikauma zimalimba gwa, n'kumaonekera mkati ngati galasi. Anaganiza zopanga tebulo la mtundu umene anauona kwa abwana ake akale: m'mbali mosawongola, mng'aluwo n'kuudzaza utomoni kuti uzioneka ngati kamtsinje kodutsa pakati pa thabwa.

Anasenda makungwa ndi mpeni mosamala, anapala pamwamba, anakwecha ndi sandipepa mpaka mlombwawo unayamba kufiira. M'mbalimo anangomusalaza koma osamudula.

Mwambo sunkalola kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi alankhulane maso ndi maso. Choncho mayi Esinati anaima kuseri kwa nkhokwe, n'kulankhula ndi mawu omveka mpaka kutsidya.

"Nankhoma! Uwafunse amuna akowo ngati macheka awo atha mano."

"Akuti kodi macheka atha mano?" anatero Nankhoma, amene anali pakati, akubisa kumwetulira.

Lufeyo anati, "Muwauze amayi kuti ndi mmene akupangira masiku ano. Mtengo uzioneka kuti unali mtengo."

"Ndamva ndekha!" anayankha mawu a kuseri kwa nkhokwe. "Ngati ndi choncho, bwanji osangomukhazika mlendoyo pa chitsa?"

Lufeyo anapitiriza ntchito. Anakhomera timatabwa mozungulira, n'kumata tepi m'mipata monse kuti utomoni usadonthe. Anaika mbale ya madzi pamwamba kuti aone ngati thabwa lakhala molingana. Kenako anayeza za m'zigubu zija, anatakasa pang'onopang'ono, n'kuthira mumng'alumo mpaka utomoni unasefukira n'kukuta pamwamba ponse. Timathovu titayamba kutumphuka, anabwereka ayironi ya makala ya mkazi wake n'kumaiyendetsa m'mwamba osakhudzitsa, timathovuto n'kumaphulika ndi kutenthako. Atamaliza anafunditsa neti ya udzudzu kuti fumbi ndi ntchentche zisagweremo. Anasuzumira mkati ndipo anakondwa kwambiri, moti anaiwala pang'ono kuti ndi mkamwini.

Panatsala chinthu chimodzi. Utomoni wotere sufuna kukhudzidwa mpaka utauma, ndipo umatenga masiku. Koma m'mudzi umenewo mawu akuti "musagwire" ankachokera kumwamba kupita pansi, sankakwera chitunda. Mkamwini kuletsa atsibweni? Ndiye Wapampando atabwera mawa lake kudzayendera ntchito, Lufeyo anazungulira nawo mawuwo mwaulemu.

"Kapena likadayamba lapumulako, atsibweni. Likadali lanthete."

"Zoona, zoona," anatero a Katsabola, maso ali pa neti. "Nanga ife ndife ana? Tathamangirani kutchalitchi, akamwini, mukafunse za mabenchi a pa tsikulo."

Anathamanga. Atangobwerako, Nankhoma anamuuza kuti amayi akuti mbuzi yawo yasowa, akaifunefune kudambo. Anaipeza ili m'khola. Kenako kunabwera Mkulu Woona za Zikwangwani, n'kumutuma kukabwereka makwerero kumalire kwa mudzi. Pambuyo pake Mlangizi wa Komiti pa Nkhani za Nyengo anamutuma kukaona ngati kumpoto kuli mitambo. Chikwatirireni Lufeyo anali asanatumidwepo chonchi ndi anthu olemekezeka, ndipo mumtima ankati: taonani, ayamba kundiwerengera.

M'mawa wa tsiku la mlendo Lufeyo anachotsa neti ija.

Pamwamba pa tebulo panali zala zokhazokha. Pakati penipeni pa kamtsinje kaja panali chala chachikulu chonenepa, cholowa mozama ngati mwini wake anachita kuchitembenuza kuti atsimikize. Chapambali panali zala zitatu zondondozana, ndipo m'kati mwake munaumira timinyenyeswa ta fodya wamphuno. Panali chikhatho chathunthu. Kungodya kwina kunali kadzenje kamene sikakadakhala china koma chigongono. Zonsezo zinali zitauma gwa, zikuwala bwinobwino.

Akadakhala ndi nthawi akadazikwecha n'kuthiranso utomoni wina pamwamba. Koma anangokwanitsa kuchotsa timatabwa ta m'mbali ndi kukhomera miyendo, Komiti n'kutulukira itavala majekete. Itaona tebulolo inachititsa msonkhano wadzidzidzi pomwepo, choimirira.

"Ndani wagwira tebulo la mlendo?" anabangula a Katsabola, dzanja lamanja lili m'thumba. "Anthu opanda mwambo! Chinthu sichingakhale osachigwiragwira?"

"Ana a masiku ano," anatero mayi Esinati atayang'ana kumbali, manja atawakulunga m'chitenje.

Mkulu Woona za Zikwangwani anatsitsa mkono wa jekete lake n'kuyamba kuonetsetsa mbalame zouluka. Popeza panalibe wovomera, ndipo mlandu sungakhale wopanda mwini, maso onse anatembenukira kwa amene analibe komiti yomuteteza.

Lufeyo anagwada. "Atsibweni, ine sindinagwirepo! Pamaso pa Mulungu, ngakhale chala chimodzi, ine sindinagwirepo!"

"Mwamva nonse," anatero Wapampando. "Mlanduwu tiuona mlendo akapita. Nankhoma, iwe ukayambe kuwapindira malaya awo."

Mmene Nankhoma anawayang'anira atsibweni akewo, iwo anayamba kukonza tayi imene inali yokonzeka kale. Lufeyo ndiye mtima unamuwawa zedi. Anasenza tebulo lake pamutu mpaka pabwalo, ndipo kumeneko analifunditsa nsalu yaikulu yofika pansi.

Mlendo anafika dzuwa litapendeka, monga amafikira alendo olemekezeka. Anali Wachiwiri kwa Mlangizi Wamkulu Woona za Kutenga Mbali kwa Anthu pa Chitukuko. Amayi anaimba, ana anagwa ndi njala, iye anakhala pampando n'kuika botolo lake la madzi patebulo. Botolo linapendekeka. Analisuntha, linapendekekanso. Apo mlendo anachita chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'mbiri ya mudziwo: anavundukula nsalu.

Dzuwa linawomba pa mlombwa wofiira uja, kamtsinje kakung'anima pakati, zala zonse zili poyera.

"Bwana," anayamba a Katsabola akupotokola chipewa, "mutikhululukire. Tili ndi mkamwini wina pano amene..."

"Aaa!" anafuula mlendo ataimirira. "Izi ndiye zimene takhala tikuphunzitsana m'mahotela zaka zonsezi! Chitukuko chimene anthu eni ake agwirapo! Midzi ina imangonena pakamwa, koma inu umboni mwauumitsa patebulo. Tandiuzani, amene anagwirapo apa ndi ndani?"

Dzanja la Wapampando linatuluka m'thumba lokha.

"Poti mwafunsa, bwana, sitingabise. Chapakatichi ndi changa." Analowetsa chala m'dzenjemo ndipo chinakwana ndendende. Anthu anaomba m'manja.

"Zitatu izi ndi zanga," anatero mayi Esinati akukankha anzawo. "Ndinachita kulimbikira, bwana, ndi msana wangawu."

Mkulu Woona za Zikwangwani anapinda mkono wa jekete n'kugoneka chigongono pamalo pake mwaulemu. Mlangizi wa za Nyengo anatenga chikhatho. Ena amene analibe mwayi wogwirapo anayesa kulowetsa zala m'maenje a anzawo, ndipo panabuka kamkangano kamene kanatha pokhazikitsa komiti ina. Mlendo anajambula zithunzi za onse ali chigwirire, n'kulengeza kuti maofesi a kuboma akufuna matebulo ena otere, ambiri ndithu, opangidwa ndi manja omwewa. Pa nthawi imeneyo n'kuti Lufeyo ali kumbuyo kwa gulu, akugwirira benchi yothyoka mwendo kuti oimba asagwe.

Galimoto itazimiririka m'fumbi, Komiti inakhala pansi mozungulira tebulo lake latsopano n'kuitana mkamwini. Lufeyo anabwera mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba. Nanga si tebulo layamikiridwa?

"Mlandu woononga tebulo watha," anatero a Katsabola, "chifukwa kafukufuku waonetsa kuti tebulo silinaonongeke. Koma watsala wina. Akamwini, m'mawa muja munalumbira kuti chiyani?"

"Ndinati sindinagwirepo, atsibweni, koma ndimatanthauza kuti..."

"Mwadzimvera nokha! Mudzi wonse wagwirapo pa ntchito imeneyi, ndi nkhalamba zomwe. Tationetsani chala chanu apa."

Lufeyo anayang'ana pa tebulo ponse. Mwakachetechete anakanikiza chala chake pakona ndi mphamvu zake zonse, koma utomoni unali utauma bwino kwambiri, monga momwe iye anaupimira. Sipanatsale kanthu.

"Ndinkanena ine," anatero mayi Esinati akulankhula kwa mtengo wa mango. "Munthuyu sagwira ntchito. Alongedze."

Apo Nankhoma anatuluka pagulu n'kugwada pafupi ndi mwamuna wake, nkhope ili yofatsa ngati ya munthu wodzapempha mchere.

"Atsibweni, malaya ndapinda kale. Ndimangofuna kudziwa kuti zigubu za utomoni zija ndikazitule kwa inu kapena kwa amayi, poti matebulo a kuboma aja muyamba kupanga nokha."

Wapampando anatsokomola. Wachiwiri anafunafuna fodya wake. Komiti inapempha kuti ikambirane payokha, ndipo inagundanitsa mitu kwa kanthawi, kumangomveka manong'onong'o. Kenako a Katsabola anaimirira, n'kukweza ndodo yawo yolozera.

"Komiti ino ndi yachifundo. Yaona kuti kuthamangitsa mlesi n'kosathandiza dziko, bola kumuphunzitsa. Choncho akamwini sachoka. Kuyambira lero akhala Wophunzira Ntchito pansi pa ife amene tinapanga tebuloli."

Nankhoma anamutsina mwamuna wake m'nthiti, ndipo Lufeyo anaomba m'manja kuthokoza.

"Musaope, tiyamba ndi zopepuka," anapitiriza Wapampando mokoma mtima. "Inu muzingocheka, kupala, kukwecha ndi kuthira utomoniwo basi. Ntchito yeniyeniyo mutisiyire eni akefe. Likakhala lidakali lonyowa, muzitiitana."