Tsiku Lomwe Ndinaphika Mutu Wanga ndi Soda

Mukadzaona chithunzi cha ukwati wa alamu anga ku Balaka, musafunse kuti mayi wamanga duku mpaka m'nsidzeyo ndani. Ndine. Ndipo ndineneretu, palibe anamwalira.

Mwana wanga Tadala anatengera tsitsi langa, lopotanapotana ngati timphete, lokongola mukaliona patali, koma chipeso chikangoyandikira mudzi wonse umamva kulira. Ine pa mwanayu ndimaopa chilichonse. Akatsokomola ndimaika khutu pachifuwa, akagona nthawi yaitali ndimamudzutsa kuti ndione ngati akupuma (bambo ake amati ndidzamutopetsa asanakule). Ndiye alamu anga a Felesiya, achemwali awo a bambo a Tadala, amene ali ndi saluni ku Balaka, atanena kuti Tadala ndiye adzatsogolere akwati ndi maluwa paukwati wawo, ndinasangalala.

"Koma alamu," anatero pafoni, "mutu umenewo ubwere wopesa. Tsitsi likabwera lomangana ngati ulendo uja, ndilimeta ndekha, apo ayi maluwa anyamula mwana wina."

Apo n'kuti Tadala atayamba kale kuyeserera pabwalo, mbale ya masamba a mango m'manja, kuwaza nkhuku.

"Nanga ndilitani, alamu, poti sopo akungolilimbitsa?"

"Tengani soda, yemweyu wa therere..."

Foni inayamba kudukaduka. Kwathu kuno ku Nayuchi foni ikafuna imalumpha malire n'kukagwira za ku Mozambiki. Ndinangotolapo soda, madzi, mandimu. Kenako zii.

Ndinakhala pakhonde n'kuganiza ndekha, ndipo nzeru yake inaoneka yabwino kwambiri. Chigwada n'cholimba, koma ukathira soda chimafewa. Nanga tsitsi n'chiyani poyerekeza ndi chigwada? Koma kuyambira pamutu pa mwana wanga, iyayi. Phala ndimayamba ndalawa ine, madzi osamba ndimayamba ndapisamo chigongono. Ndinavula duku n'kumasula tsitsi langa.

Pophika, soda timangotsina ndi zala. Koma mutu ndi waukulu kuposa kapoto ka ndiwo, ndiye ndinakhuthula paketi yonse m'bakuli, madzi otentha pamwamba, kuvundula mpaka phala. Ndinamata mutu wonse ngati ndikuzira nyumba. Ndiye poti chigwada sichifewa popanda moto, ndinavala jumbo kumutu n'kukhala padzuwa ndikusenda chinangwa. Dzuwa la kwathu kuno silisewera.

Mutu unayamba kunyerenyetsa. Ndinati eya, zikugwira. Kenako kuyabwa. Kenako kuwawa kwenikweni, ngati linthumbu lalowa m'jumbomo. Apo m'pamene ndinakumbukira mandimu. Ndinathamangira kumtengo, kuthyola, kudula, kufinyira m'kapu, kuvula jumbo, n'kukhuthulira pamutu osayamba ndatsukuluza.

Fwaaa! Thovu! Likutsikira m'makutu, m'khosi, m'maso, likulira ngati mandasi alowa m'mafuta. Tadala anataya mbale yake ya masamba.

"Ababa! Ababa! Mutu wa amama ukuwira!"

Bambo ake anali kuseri akukonza njinga, anatulukira sipanala ili m'manja.

"Amake Tadala, mwatani kodi?"

"Chotsani mwanayo asakhudze! Madzi! Mwanayo kaye! Madzi!"

Munthu wosokonezeka sasankha ndowa. Ananyamula yomwe inali pafupi, ya matsukwa, madzi owawasa aja amene ndinaviikamo mphale, n'kundikhuthulira yonse. (Fungo lake sindinena. Nkhuku zinanditsatira mpaka kubafa.)

Mutu utauma ndinaugwira. Mayo ine! Timphete tonse tinali titapita, patsala chinthu chouma gwa ngati chinkhupule chakale. Chipeso chinalowa, mano ake anatsala momwemo. Ndikakoka pang'ono, tsitsi likubwera m'manja. Bambo a Tadala anati alinganize ndi sizasi, n'kusiya mutu ngati munda wolimidwa ndi anthu okangana. Mapeto ake kwa ometa kumsika, mpala wonyezimira.

Tsitsi la Tadala sindinalikhudzenso, ngakhale ndi sopo. Linakwera sitima lili lomangana chomwecho, dzanja langa lili pamutu pake ulendo wonse, mtima ukuti lero alamu ameta mwana wanga.

Tinafika ku Balaka ukwati uli mawa, azimayi ali pikitipikiti kuseri kwa nyumba. Potula chikwama kumutu, duku linatsakamira pachingwe chake n'kugwa. Phokoso lonse linatha. Azakhali awo a bambo a Tadala anasiya anyezi, anabwera pang'onopang'ono n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani, mwana wanga. Uthenga sunatipeze. Watisiya ndani kwanuko?"

Ndinayang'ana uku ndi uku osamva. Kenako ndinazindikira: mkazi wamkulu ngati ine kumeta mpala, anthu amadziwa kuti wachokera pamaliro. Mayi wina anali atayamba kale kusisima. Wina akunong'ona kuti nanga ukwati uchitika bwanji m'banja muli zovuta.

Anayankha ndi Tadala. "Sanafe munthu. Amama anaphika mutu."

Mayi wosisima uja ndiye anayamba kuseka, mpaka kukhala pansi. A Felesiya anatuluka m'nyumba atamva phokoso, anandiyang'ana, anagwira pakamwa.

"Alamu! Ndinati kasupuni kakang'ono m'botolo lodzaza madzi, mutsukuluze msanga! Mwathira wochuluka bwanji?"

"Paketi."

"Paketi! Mumafuna tidyere nsima?"

Kenako maso awo anagwera pamutu pa Tadala. Anapisamo chala, chala chinakodwa. Pampando panali sizasi. Ndinalumpha n'kuima pakati.

"Alamu, chonde, metani ine."

"Ndimete chiyani? Mwamaliza kale nokha. Takhalani pansi."

Anamukhazika mwana pakati pa miyendo, kunyowetsa tsitsi, kulipaka mafuta, n'kuyamba kumasula ndi zala kuchokera kunsonga, osati kutsinde monga ndinkachitira ine. Atatambasula dzanja kuti atenge kabotolo kawo ka madzi a soda, ndinakalanda n'kukakhalira. Anaseka, anapitiriza ndi madzi wamba. Tadala sanalire ngakhale pang'ono, anagona n'kugona.

M'mawa mwake mwana wanga anatsogolera akwati, timphete tikudumphadumpha, akuwaza maluwa monga ankawazira nkhuku zija. Ine ndinali kumbuyo, dzanja limodzi kupukuta misozi, lina litagwira duku.

Mpaka lero ndikatenga soda kuti ndithire m'therere, Tadala amagwira mutu wake n'kuthawira kwa bambo ake. Ine ndinaphunzira, soda ndi wa m'poto basi. Kungoti mayi wina kuchigayo wandiuza kuti dzira losakaniza ndi peyala limafewetsa tsitsi kwambiri. Pamutu pa mwana sindingayambire, mukundidziwa. Ndikungodikira langali limere kaye.